Alick Nkhata, mwini gitala imene inaphunzira cinenero ca kumudzi

Akulu-akulu amene anakulira m'midzi yozungulira Chipata m'zaka za m'ma 1950, pamene tauniyi inali kudziwika ndi dzina la Fort Jameson, sanaiwale kawailesi kozungulira ngati poto, kopakidwa utoto wa buluu, kamene kanali kukhala pa mpando pakhonde la aphunzitsi kapena la munthu wobwera kumene ku Walale. Dzuwa likalowa, nsima itadyedwa, anthu anali kusonkhana pabwalo, amuna pa mipando, amai ndi ana pa mphasa, mwini wailesi ali kuiyang'anira ngati dzira kuti batire lisathe msanga. M'kati mwa phokoso longa la mvula pa malata munali kutuluka mau a munthu woimba ndi gitala, mau ofatsa, osathamanga. Gitalayo inali kulira monga ya azungu a m'magalamafoni, koma cinenero cace cinali ca kuno. Woimbayo anali malemu Alick Nkhata.

A Nkhata sanabadwire Kum'mawa. Anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922, atate ao ali Mtonga wocokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ndipo amai ao ali Mbemba. Komabe anthu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi anali kuwawerengera monga mwana wa pakhomo. Dzina lakuti Nkhata silacilendo mbali zonse ziwiri za malire, ndipo pambali pa nyimbo zao zambiri za m'Cibemba, anali kuimbanso m'cinenero ca Kum'mawa. Imodzi mwa nyimbo zimene anajambula ndi yochula Kalindawalo, mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke. Munthu wa kumudzi akamva dzina la mfumu yace likutuluka m'kabokosi kocokera ku Lusaka, sanali kufunsanso kuti woimbayo ndi wa mtundu wanji.

Kuti nchito ya a Nkhata imveke bwino, pafunika kuyamba ndi gitala yeniyeniyo, pakuti inafika m'midzi iwo asanafike.

Inabwera ndi machona. Kucokera pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898 ndipo msonkho unayamba, amuna a cigawo cino anali kuyenda pansi masabata ambiri kukafuna nchito ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa ya kuno. Amene anabwerera ndi mwai anabwera ndi sutukesi, bulangeti, njinga, ndipo ocepa anabwera ndi galamafoni yopukusa ndi manja pamodzi ndi mbale zace zakuda, zosacedwa kusweka. Pa mbale zimene zinali kugulitsidwa m'masitolo a kumwera panali nyimbo za Jimmie Rodgers, mzungu wa ku Mississippi m'dziko la America, amene anagwirapo nchito pa njanji ndipo anamwalira ndi cifuwa cacikulu mu 1933. Iye anali kuimba yekha ndi gitala yace, natembenuza mau pakhosi mokweza ndi motsitsa monga acita mnyamata woitana anzace kubusa. M'makomboni a ku migodi, bayasikopo inali kuonetsa makauboi, abusa a ng'ombe okwera pa akavalo, ndipo anyamata anayamba kucha nyimbo zonse za mtundu umenewu kuti ndi za makauboi. Eni ace amazicha country, ndiye kuti nyimbo za anthu a kumidzi.

Sicinali codabwitsa kuti nyimbozi zinagwira mtima wa mchona. Zinali kunena za sitima imene yatenga munthu kupita naye kutali, za mai wokalamba amene watsala pakhomo, za mkazi amene watopa ndi kudikira, za thumba lopanda ndalama, ndi za ndende. Awa anali mabvuto omwe aja a munthu wa ku Chadiza wogwira nchito pa pulazi ya fodya kufupi ndi Salisbury. Ndiponso mkhalidwe wa munthu mmodzi woimba madandaulo ace sunali wacilendo kuno. Woimba kalimba amacita zomwezo poyenda yekha panjira, ndipo amai akhala akucita zomwezo pamtondo kuyambira kale, kudzudzula mwamuna waulesi kapena mpongozi wankhanza pamene munsi uli kugunda. Anyamata amene analibe ndalama yogulira gitala anayamba kupanga mabanjo ao ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi mawaya. Cimene cinali kusowa cinali cimodzi cokha: mau a pa mbale zija anali a Cingelezi. Anthu anali kukonda kulira kwa nyimbo, koma nkhani yace inali kuwapita pambali.

A Nkhata ndiwo amodzi mwa anthu oyamba amene anatsegula citseko cimeneco. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi, koma nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inawatenga, nafika mpaka ku Burma, kumene asilikali ambiri a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anamenya nkhondo ndi Ajapani. Nkhondo yomweyo ndiyo inabala wailesi ya ku Lusaka mu 1941, pakuti boma linafuna njira youzira anthu za ana ao amene anali ku nkhondo. Atabwerako, a Nkhata anagwira nchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyenda m'maiko ambiri a mu Africa ndi makina ojambulira mau, kusonkhanitsa nyimbo za makolo. Kumeneko ndiko kunali sukulu yao yeniyeni ya nyimbo. Anaona mzungu akuyenda mitunda yaitali, kugona m'chire, cifukwa ca nyimbo imene ophunzira a ku mishoni anali kuiyesa yacikunja ndi yocititsa manyazi. Tracey yemweyo mu 1950 anajambula Akipsigis a ku Kenya akuimba nyimbo yochula Jimmie Rodgers m'kachulidwe kao, umboni wakuti gitala ya makauboi inali itafika kale kutali m'midzi ya mu Africa. Nyimbo zimene iye anasonkhanitsa zisungidwa mpaka lero ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ku South Africa.

Pamene a Nkhata analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka, ya Central African Broadcasting Service, zinthu zinali zitangosintha kumene. Kufikira nthawi imeneyo wailesi inali cinthu ca azungu, ca mafumu ocepa ndi ca m'maholo a m'makomboni. Harry Franklin, mkulu wa dipatimenti ya zofalitsa nkhani, anafunafuna kampani imene ingapange wailesi yochipa, yosafuna magetsi, ndipo kampani ya mabatire ya Ever Ready ku Britain inabvomera. Thupi la wailesiyo linali ngati poto wa aluminiyamu wopanda cigwiriro, ndiye cifukwa cace inachedwa Saucepan Special. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lace padera. Sinali ndalama yocepa kwa mlimi wa nshawa, koma mphunzitsi, kalaliki wa pa boma kapena mchona wobwerera anali kuikwanitsa, ndipo wailesi imodzi inali kukwanira mudzi wonse. Mau a ku Lusaka anali kumveka m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Pulogalamu yokondedwa kopambana inali ndi dzina la Cinyanja, Zimene Mwatifunsa. Munthu anali kulemba kalata, napempha nyimbo, napereka moni kwa abale ace akutali. Kwa mkazi wa ku Feni amene mwamuna wace anapita ku Wankie zaka zitatu zapitazo, kumva dzina la mudzi wace pa pulogalamu imeneyo kunali ngati kuona fumbi la basi patali.

M'nyumba youlutsira mau imeneyo a Nkhata anali muulutsi, womasulira ndiponso woimba. Anasonkhanitsa anzao oimba pamodzi, gulu limene linakula nkukhala Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pace Big Gold Six. Luso lao linali la mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali kutenga nyimbo ya kumudzi, ya pamtondo kapena ya pabwalo, ndi kuikhazika pa gitala, mau a anthu atatu kapena anai akuyenda pamodzi mosalala monga kwaya yophunzitsidwa bwino. Mbali yaciwiri inali kupeka nyimbo zao-zao za moyo watsopano wa m'tauni: oyendetsa matakisi, mowa, anyamata onyada, atsikana a m'komboni, cikondi cimene catha ndi kutsazikana. Sanali kukalipa ai. Anali kuseka pang'ono, kucenjeza pang'ono, monga malume amene afuna kuti mphwace amve koma osacita manyazi pa anthu. M'nyimbo zina gitala inali kulira motsetsereka, kulira kuja kwa makauboi kumene kumveka ngati munthu wousa moyo.

Kunena zoona, nyimbo ya kumudzi ikalowa m'mbale ya mphindi zitatu imataya zina. Imataya ng'oma, imataya fumbi la obvina, imataya nthungululu za amai ndi mau amene woyambitsa amaonjezera pomwepo poona munthu amene wangofika. Imene inali kutuluka m'manja mwa a Nkhata inali yometedwa, yobvala jekete. Koma jekete limenelo ndilo linailowetsa m'nyumba za anthu ophunzira amene anali ataikana, ndipo linaifikitsa kwa mwana wobadwira ku Mufulira amene sanaonepo mudzi wa atate ace. Mnyamata wa banjo ya cigubu ku Katete anaphunzirapo kanthu kena kakakulu koposa: kuti munthu angathe kuimba ngati Jimmie Rodgers popanda kubwereka Cingelezi, ndi kuti nkhani ya msonkho, ya cikwati kapena ya njala ya kwao ndi yokwanira kukhala nyimbo.

Tsono mnyamata wotereyo anali kupita kuti ndi nyimbo yace? Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani ya a Nkhata. M'dziko lino munalibe fakitale yopanga mbale za galamafoni masiku amenewo. Makampani akulu monga Gallo anali ku Johannesburg. Woimba wodziimira yekha anali ndi malo a mowa, maukwati ndi khonde la sitolo, kumene malipiro ace anali cipanda ca mowa kapena tindalama toponyedwa m'cisoti. Ngakhale amene anachuka sanali otetezeka. George Sibanda wa ku Bulawayo, amene Tracey anamjambula mu 1948, anali woimba wa gitala wodziwika mpaka ku Kenya, koma analibe comugwiriziza, ndipo mowa unamtenga akali mnyamata. Khomo lalikulu lofikira anthu ambiri linali limodzi, wailesi, ndipo wailesi inali ya boma la atsamunda.

A Nkhata analowa pa khomo limenelo, ndipo linawapatsa zimene Sibanda analibe: malipiro a pa mwezi, makina abwino, anzao oimba nao, ndi omvera m'maiko atatu. Koma mtengo wace unaoneka pamene nkhani ya Federation inabuka. Anthu akuda a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakana citaganya cimeneco ndi mtima wonse, koma cinakhazikitsidwabe mu 1953, ndipo wailesi yomwe ija imene inali kupereka moni kwa abale inali kuwerenganso mau a boma. M'makomboni munafala mbiri ya banyama, anthu amene anali kunenedwa kuti agwira anzao usiku ndi kuwacotsa magazi, ndipo aliyense wogwira nchito pafupi ndi azungu anali kukayikiridwa. Oulutsa mau akuda sanapulumuke kukayikiridwa kumeneko. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesi imeneyo pamodzi ndi a Nkhata, analemba za mantha a masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, lotuluka mu 1959. Woimba amene cuma cace conse ndi cikhulupiriro ca omvera anapezeka ali pakati, mbali iyi bwana amene alipira, mbali iyo anthu amene aimbira. Mu 1958 wailesi ya ku Lusaka inalowetsedwa m'bungwe la wailesi la Federation, ndipo cingwe cinafupika koposa.

Cimene cinawasunga a Nkhata m'mitima ya anthu ndi nyimbo zomwezo. Munthu angathe kukayikira nkhani yowerengedwa papepala, koma nkobvuta kukhulupirira kuti amene aimba nyimbo ya agogo ako mwaulemu wotere ndi mdani wako. Ndiponso mtima wao unali ku ufulu, ndipo dziko litaulandira pa 24 October 1964 iwo anali m'gulu la ana a dziko amene anapatsidwa udindo. Anakwera mpaka kukhala mmodzi wa akulu-akulu a Zambia Broadcasting Services, nagwiranso nchito yoyang'anira za miyambo. Unali ulemu woyenera, ngakhale kuti tebulo la mu ofesi silicedwa kulanda munthu nthawi ya gitala. Nyimbo zimene anthu awakumbukira nazo kopambana ndi zija za m'zaka za m'ma 1950, za masiku a kawailesi ka buluu.

Mu 1974 anapuma pa nchito napita kukalima pa pulazi yao ku Mkushi. Caka cotsatira, mu 1975, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko lino. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitasintha kwa woimba wodziimira yekha, pakuti ku Ndola kunali makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour amene anali kutulutsa mbale za oimba a kuno. Anyamata ambiri anatenga magitala a magetsi, aphokoso. Paul Ngozi, amene dzina lace lenileni linali Paul Nyirongo, anali kuliza gitala mwaukali umene a Nkhata sakanaulota, komabe anali kucita cinthu comwe cija, kuimba mabvuto a m'komboni ndi a m'banja m'cinenero ca Kum'mawa. Lazarus Tembo, woimba wosaona, anakhala pafupi ndi njira yakale ya munthu mmodzi wofotokoza nkhani ndi gitala, ndipo boma la a Kaunda linafika pomupatsa udindo wa unduna. Nyimbo za makauboi enieni nazonso sizinacoke. Jim Reeves, amene anafa pa ngozi ya ndeke mu 1964, anapitiriza kuimba m'nyumba za aphunzitsi ndi anamwino zaka zambiri atamwalira, ndipo pambuyo pace panabwera Dolly Parton ndi Don Williams, amene makaseti ao anaperekeza anthu ambiri pa ulendo wautali wa makilomita oposa 550 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata.

A Nkhata anakhala mlimi zaka zinai zokha. Masiku amenewo Zambia inali kusunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo gulu la ZIPRA, lotsogozedwa ndi Joshua Nkomo, linali ndi misasa m'malo angapo a dziko lino. Pa 3 September 1978 asilikali a ZIPRA anagwetsa ndeke ya anthu apaulendo ya ku Rhodesia itangonyamuka ku Kariba, ndipo boma la Ian Smith linalumbira kubwezera. Pa 19 October 1978 ndeke za nkhondo za Rhodesia zinalowa m'Zambia. Zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo tsiku lomwelo asilikali ao anaukira msasa wa ku Mkushi, umene munali atsikana ambiri. Anthu mazana anafa. Pakati pa akufawo panali Alick Nkhata, amene pulazi yao inali kufupi ndi msasawo. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera pafupi ndi munda wace, asanakwanitse zaka 60, ndipo amene anamupha anacokera ku dziko limene mau ace anali kusangalatsa anchito a m'mapulazi ndi m'migodi zaka 25 m'mbuyomo. Nkhondo imeneyo inafikanso pa njira ya Kum'mawa caka cotsatira, pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa mlatho wa Chongwe pa Great East Road. Zimbabwe inalandira ufulu mu April 1980, patapita caka ndi theka cimwalirire a Nkhata.

Ku Lusaka kuli mseu wochedwa Alick Nkhata Road, ndipo nyumba za wailesi ndi wailesi ya kanema ya ZNBC ziri pa mseu umenewo. Anthu zikwi-zikwi amachula dzinali tsiku ndi tsiku pouza woyendetsa basi potsikira, ambiri a iwo osadziwa kuti mwini dzina anali woimba. Nyimbo zao zinasungidwa makamaka ndi anthu akunja. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa zina mwa izo m'cimbale cochedwa Shalapo, ndipo pambuyo pace kampani ya Mississippi Records ya ku America inatulutsa cina cochedwa Radio Lusaka. Motero gitala imene inacokera ku America m'sutukesi ya mchona inabwerera kwao ikulankhula Cibemba ndi Cinyanja, ndipo a kumeneko ndiwo tsopano afuna womasulira.

Mnyamata wa ku Chipata wopeka nyimbo zace lero safunikanso kudikira Lusaka. Tauniyi iri ndi mawailesi ace monga Breeze FM ndi Radio Maria, nyimbo ijambulidwa m'kacipinda kamodzi ndi kompyuta, ndipo iyenda kucokera pa foni kupita pa foni kufikira ku Vubwi ndi ku Mambwe. Makomo acuruka, ndipo palibe bwana womuuza coimba. Cimene alibe ndi cija cimene a Nkhata anali naco, malipiro a pa mwezi, pakuti nyimbo yoyenda pa foni sibweza ndalama kwa mwini wace. Ambiri aimba madzulo ndi pa Sabata, ndipo m'mawa apalasa njinga yonyamula anthu kupita ku msika wa Kapata, kapena abwerera ku munda wa nshawa.